Manja a Behruz

Lolemba, 6 Okutobala

Bondo likuwawabe. Chitseko cha mzikiti sichinathe, maluwa a m'munsi ndamusiyira Behruz aseme. Zaka zitatu tsopano chimubweretsereni a komiti ya dera lathu, pa dongosolo lawo lopereka anyamata opanda bambo kwa amisiri.

Lero wapemphanso dalitso langa. Popanda dalitso la mphunzitsi wake, ndani muno mu mzinda wa Kokand angamupatse ntchito? Ndamuuza adikire, manja sanakhwime.

Bodza. Akundiposa kale. Mulungu andikhululukire, ndikuopa kutsala ndekha ndi maso akuthawa.

Lachinayi, 9 Okutobala

A komiti asankha anyamata asanu okakhala milungu iwiri ku mzinda wa Khiva, akaone kasemedwe ka kumeneko. A ku Khiva adzabwera kuno chaka chamawa. Behruz alipo. Ndasaina, mtima usakufuna.

Pa tiyi Anvar wosula mipeni uja, ponditchula usta monga timatchulira mmisiri wamkulu: "Usta, mwanayu mudzamudalitsa akuyendera ndodo?" Onse phwete. Pobwerera ndakamuthira ukali Behruz chifukwa cha tchizulo chobuntha, chomwe ndinabunthitsa ndine. Anzake akumva ndati, "Uli ngati bambo ako, maso ali kumsewu." Bambo ake aja anapita ku Russia, osabwerako.

Behruz wasesa, wapita.

Swala yamadzulo ndapemphera thupi lokha.

Loweruka, 11 Okutobala

Kusiteshoni. Mayi ake, a Mavluda, anabwera ndi mkate kuti alumeko, wotsalawo akaupachike pakhoma mpaka adzabwere kudzaumaliza. Anzake onse analuma mikate ya amayi awo. Iye: "Ndakhuta, amayi." Mayi kukakamira, iye kungowapsompsona pamphumi. Mkate unabwerera wathunthu m'nsalu.

Ine anandipatsa moni osaika dzanja pachifuwa monga mwa ulemu wathu. Dalitso linali pakamwa penipeni. Ndinamuuza asamale chikwama.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndayesa maluwa aja ndekha. Dzanja laterereka, tsamba limodzi latemeka. Imamu wafunsanso za chitseko. A Mavluda anadutsa, akuti mwana amaimba foni koma amangonena za kuzizira. "Nanga inu wakuimbirani, usta?" Ndinanamizira kufunafuna pensulo.

Lamlungu, 26 Okutobala

Abwera anayi. Behruz palibe.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Foni yochokera ku Khiva nditangotsegula m'mawa. Usta Otanazar, amene anawalandira anyamatawo. Mawu a munthu wamkulu, waulemu. Ndilembe monga ananenera, ndisadzadzinamize.

"M'bale wanga, mnyamatayu manja ake sindinawaonepo. Akuti alibe mphunzitsi, anangophunzira poonera. Koma papepala la komiti pali dzina lanu. Ngati ndi wanu, mawa ndimukweza sitima, ine sindiba wophunzira wa mnzanga. Ngati si wanu, Lachisanu ndimudalitsa, akhale kuno."

Alibe mphunzitsi. Ine amene ndinamugwira dzanja pa mzere wake woyamba.

Liwu limodzi lokha, akanabwera. Akanabwera mutu uli pansi, kudzasema pansi pa dzina langa mpaka ine n'tafa. Ndinalifuna liwulo, Mulungu ndi mboni, linafika mpaka pammero.

Ndinati, "Ayi, ankangondisesera. Mudalitseni."

Ngati limeneli ndi tchimo, sindikudziwa kuti ndilape bwanji. Kwa imamu sindingalinene.

Tsopano kwa a Mavluda, amve kwa ine asanamve kwa ena. Nsapato ndavala kale. Chivalireni ndili pompano.