Asiya Kumuitana

Pamsasa wa m'mbali mwa kamtsinje,
Lachinayi, 21 Novembala.

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Za ine musade nkhawa kwambiri, ndikudzuka ndithu ndipo miyendo ikundinyamula. Kapepala kanu kaja dalaivala wa anthu ofufuzawa anandipatsa dzana, pamodzi ndi mankhwala ndi juzi. Juziyo ndi yanu ija mumakaniza aliyense, ndiye ndaona kuti mwandimveradi chisoni. Ndikulemba pamanja chifukwa kuno foni ndi chidole chabe. Netiweki imathera pamwamba pa chitunda, ndipo ine sindifuna kutalikira madziwa.

Mwandifunsa mafunso awiri: ngati mwana wanu, mnyamata wanga uja, wapezeka, ndiponso choti muwauze amayi, amene mukuti tsiku ndi tsiku akufunsa chifukwa chimene mdzukulu wawo wasiyira kudzawaona. Loyambalo ndiyankhiratu: sanapezeke. Lachiwirilo mundilole ndiyambe ndakufotokozerani za kuno. Ndine ndinakuletsani kuwauza kanthu, ndiye ndiyenera kukuyankhani bwinobwino.

Malo ano mukanawaona pa nthawi yabwino mukanaseka mpaka kugwira nthiti. Ndi kabwalo chabe pansi pa mitengo, kogawidwa timalo tingapo tokhomapo matenti. Pamalo paliponse pali miyala yozungulira poyatsa moto, ndi tebulo la matabwa limene anthu analemba maina awo ndi mipeni. Chimbudzi ndi chokumba, chitseko chake n'chomanga ndi waya. Mpopi kulibe, magetsi kulibe. Koma anthu amachoka m'nyumba zawo zabwinobwino, n'kuyenda mtunda wonsewu kudzagona pansi ngati othawa nkhondo, ati akupuma. Ndinkamunena mwana wanu nthawi zonse kuti ine ndapindika msana pamashini osokera kuti iye agone pabedi, iyeyo n'kumakafuna miyala. Ankangoseka, n'kumati tsiku lina adzanditenga kuti ndidzamve mmene phokoso la madzi limagonetsera tulo. Lero ndikugona mutenti yake, pakati pa chikwama chake ndi nsapato zake, ndipo tuloto sindinatione.

Pafoni paja munangomva zodukaduka, ndiye nkhani yake ndi iyi, monga anandiuzira mnzake wa kuntchito amene anabwera naye. Loweruka lija m'mawa mwana wanu anatenga mbedza n'kulowera kumtunda, akuti abwera chakudya chisanapse. Kuno kunali dzuwa lowala bwino, koma kumapiri kunagwa chimvula. Mnzakeyo akuti anangomva mkokomo, ndipo kamtsinje kamene ankawoloka madzi akulekeza m'akakolo kanasanduka chimadzi chofiira chonyamula mitengo yathunthu. Pofika madzulo kanali kataphwa. Ndodo yake yowedzera anaipeza itakodwa m'mizu, mwiniwake osaoneka. Mnzakeyo anakhala nane masiku angapo akulira kuposa ine, kenako anabwerera kuntchito, ndipo sindikumuimba mlandu.

Kamtsinjeko mutakaona lero simungakhulupirire. Madzi ake ndi oyera mbee, miyala ya pansi ikuoneka yonse, kakungoyenda mwaulemu ngati mphaka amene waba nyama n'kudzagona pakhomo. Kumapeto kwa sabata kunabwera banja lina lomwe silinamve kalikonse, ana awo n'kuthamangira m'madzi akusekerera. Ndinawakalipira ana a eni ake mpaka mayi wawo anatuluka ndi mkwiyo. Mlonda wa malo ano atawanong'oneza, anapakira katundu wawo mwakachetechete, ndipo pochoka anandisiyira buledi ndi shuga patebulo. Ndinachita manyazi, koma buledi ndinadya.

Masiku oyambirira, Achemwali, ndinali ndi mphamvu. Ofufuza ankabwera ambiri m'mamawa, ndi galu, mawenzulo, machira ndi mabulangete. Ankatsitsanso fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri, ati munthu akapezeka atazizidwa amayamba wamwa chotentha. Ndinkaiyang'ana fulasiki imeneyo ngati kuti ndi lonjezo. Ankandanda mbali zonse ziwiri za mtsinje, n'kumalowa m'tchire mitu ili m'mwamba, akuitana dzina la mwana wanu. Chigwa chonse chinkadzaza ndi dzina limene ndinamupatsa ine ndemwe. Kenako mkulu wawo ankaimba wenzulo, onse n'kukhala chete kumvetsera ngati wina ayankhe. Ine moyo wanga wonse unali pa kachetechete kameneko.

Mkulu wawoyo ndi bambo wamfupi wa imvi kundevu, anzake amangomutcha Kapitawo. Anandifotokozera kuti madzi otere nthawi zina amamulavulira munthu kumtunda, mwina atathyoka mwendo, n'kumangogona m'tchire osatha kuyenda. Mwendo umenewo ndinaugwiritsa ndi manja awiri. Sindinkadziwa kuti mayi angagwade pansi n'kupempha Mulungu kuti mwana wake akhale atathyoka mwendo, koma ine ndapempha, osati kamodzi.

Lolemba lapitali ndinadzuka n'kumva kuti china chake chasowa, koma osadziwa kuti n'chiyani. Galimoto inafika monga mwa masiku onse, kungoti anthu anali ochepa ndipo galu sanabwere. Anatsitsa nsungwi zitalizitali zokhala ndi ngowe zachitsulo kunsonga, zingwe, ndi majombo ofika m'chiuno. Fulasiki ija sinatsike. Machira anatsika, koma pamwamba pake m'malo mwa bulangete panali chinthu chakuda chapulasitiki chopindidwa, cha zipi. Wina anafulumira kuchiphimba ndi jekete. Anaiwala kuti ndine telala, chinthu chopindidwa ndimadziwa kutalika kwake ndisanachitambasule.

Tsiku limenelo sanalowe m'tchire. Analowa m'madzi, mitu ili pansi, n'kumapisa nsungwi zija m'maiwe, pansi pa mizu, ndi m'milu ya zinyalala imene madzi anaunjika m'makona. Ndinawatsatira mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene chinasowa chija. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaitana.

Atakhala pansi kuti adye, ndinapita kwa Kapitawo n'kumufunsa kuti, “Bambo, bwanji lero simukumuitana?”

Anayamba wayang'ana anzake, kenako anati anyamata atopa pakhosi. Ndinamuuza kuti ndine munthu wamkulu, asandinyengerere ngati mwana amene wataya switi. Apo anaimirira n'kuvula chipewa.

“Mayi, timaitana munthu amene angathe kuyankha,” anatero. “Masiku apita ambiri. Tsopano tikungofuna tikupezereni woti mukaike.”

Pakamwa panga mukupadziwa, Achemwali. Ndinamunena bambo ameneyu mawu amene sindingalembe pano. Ndinati ndi aulesi, atopa ndi minga ndiye akufuna kusewera m'madzi. Ndinati akanakhala mwana wake bwenzi akukuwa mpaka kulavula magazi. Iye anangoima chipewa chili m'manja. Nditatopa, anandiuza mofatsa kuti akuluakulu awo alamula kuti Loweruka likudzali ndi tsiku lomaliza, chifukwa kwinanso kwagwa ngozi ndipo akufunika kumeneko. Kenako anafunsa ngati mwana wanu anali ndi wotchi, lamba, kapena chipsera chimene angamudziwire nacho. Ndinamusiya ali chiimire.

Ndinaganiza kuti ngati iwo asiya, ine sindisiya. M'mawa mwake ndinapempha wenzulo, ndipo Kapitawo anavula yakeyake m'khosi n'kundipatsa. Ndiye mutiyerekeze: amuna ali m'madzi ndi nsungwi zawo, ine ndili kumtunda m'tchire, juzi yanu ikukodwa m'minga, ndikuitana mwana wanga. Ndinkamuitana dzina lake lenileni, ndinkamuitana lija la paubwana limene ankadana nalo, mwina angakwiye n'kuyankha. Ndikaimba wenzulo, amuna aja ankaimitsa nsungwi n'kukhala chete. Poyamba ndinkayesa akumvetsera nane limodzi, koma nditawayang'ana ndinaona kuti akungodikira ndimalize. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe.

Mlonda uja ndi nkhalamba yosalankhulalankhula, amakhala m'kanyumba kamalata pachipata. M'mawa uliwonse amandisiyira nkhuni pamiyala. Dzulo sanachoke msanga. Anakanda m'mutu, n'kundiuza kuti ofufuza akachoka iye wauzidwa atseke msasa, chifukwa mvula ikakhazikika msewu umafa ndipo madzi amafika pamene pali tentipa. Anandionetsa mzere wa matope pamitengo, wofika pachifuwa panga. Anati akhoza kundithandiza kuzula tenti. Ndinamuuza kuti asayerekeze kuikhudza. Anangoti chabwino, n'kuwonjezera nkhuni zina pamulu.

Tsopano ndifike pa za lero, chifukwa ndakhala ndikuzungulira.

Ndinadzuka mawu atasasa, koma ndinapitabe. Tinatsikira kumunsi kwambiri, pamene pali dziwe lalikulu pansi pa mtengo umene unagwera m'madzi. Ndinaima pamwamba pa gombe, wenzulo ili m'manja, ndikukoka mpweya kuti ndiitane. Sindikudziwa chimene chinatsitsa maso anga. Pansi pa nthambi, mkati mwa madzi, ndinaona chinthu chabuluu chikugwedezeka pang'onopang'ono. Mwana wanu tsiku lija anavala shati yabuluu, yosoka ine.

Sindinakuwe, sindinaitane dzina lake. Ndinamukodola bambo amene anali pafupi, n'kuloza ndi chala, n'kunena ndi mawu abwinobwino ngati ndikugula tomato pamsika:

“Tapisani apo.”

Anapisa. Ngowe inakola, anayamba kukoka, anzake n'kuyandikira. Kapitawo anabwera kudzaima patsogolo panga kuti anditchinge, ine n'kumukankhira kumbali. Chinatuluka chinali chisaka chakale chodzaza matope.

Achemwali, apa m'pamene ndikufuna mundimvetse, ndipo musauze wina aliyense. Chisakacho chitatuluka, mtima wanga sunakondwe. Ndikanayenera kugwada n'kuthokoza kuti si iyeyo. Koma ndinakhumudwa. Ndinafuna akhale iyeyo. Ine mayi wake, amene ndinatukwana bambo wa imvi chifukwa chosiya kuitana, ndinaima pagombe paja ndikulakalaka ngowe yachitsulo ikoke mwana wanga, kuti ndimugwire, ndimusambitse, ndidziwe pamene wagona. Ndinadikira kuti mtima ubwerere m'malo mwake, koma sunabwerere. Tsiku lonse ndayenda m'mbali mwa madzi maso ali pansi ngati amuna aja, ndipo kutchire sindinayang'aneko ngakhale kamodzi.

Pobwerera ndinavula wenzulo n'kumubwezera mwini wake. Anailandira ndi manja awiri. Ndinamuuzanso za chipsera cha pabondo lamanzere, chija anachipeza atagwa panjinga ya alamu. Anangogwedeza mutu.

Ndiye funso lanu lachiwiri lija yankho lake ndi ili: amayi muwauze. Musadikirenso ine. Muwauze m'mawa, atadya ndiponso atamwa mankhwala awo a mtima, ndipo alamu akhale pomwepo. Muwakhazike pansi, osati pampando paja, angagwe. Musawanamize kuti wapita kutali ndi ntchito, chifukwa anamulera okha pamene ine ndinkakhalira pamashini, ndipo bodza lokhudza iyeyo amalinunkhiza lisanatuluke pakamwa. Akafunsa kuti nanga thupi lili kuti, muwauze zoona, kuti mtsinje sunatibwezere, ndipo mwina sutibwezera. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu amene anali wanga. Mundikhululukire, ine nkhope yawo sindingathe kuiyang'ana.

Chachiwiri, ngati alamu angapeze galimoto, mubwere Loweruka mudzanditenge. Mubwere inuyo, musatume ana. Tentiyi zingwe zake anamanga ndi iyeyo, mfundo zake zolimba zija zimene ndinkadandaula nazo pachingwe choyanikira zovala. Ndayesa kuikapo dzanja madzulo ano, zala zakana. Mudzamasule ndinu, ine ndidzakhala m'galimoto.

Makasitomala anga akabwera muwapatse nsalu zawo, akasoketse kwina. Mayi wa diresi laukwati uja mumupepese kwambiri, ndinali nditangotsala ndi kusoka manja ake okha. Kuchipinda kwa mwana wanu musalowetse munthu, ngakhale wofuna kusesa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwathokoze chifukwa cha kuyendayenda konse kumene achita. Moni kwa ana, muwauze kuti mayi awo aang'ono akubwera, asadzachite mantha akadzandiona. Moni kwa aneba onse amene akubwera kudzakhala nanu. Mnzake wa kuntchito uja mukamuona mumuuze kuti adye, palibe amene akumuloza chala.

Amayi okha musawapatse moni wanga musanawauze. Angakondwe, n'kufunsa ngati mdzukulu wawo waperekanso moni.

Ine mng'ono wanu,
Mayi ake a mnyamata wathu.