Pempho la Tryphena Lokhudza Khansa ya M'mapapo

Komiti ya Bungwe la Maliro la Tigonjetse, Unit O, Seke
Tsiku: 18 Ogasiti 2007
Malo: Pakhonde la wapampando
Opezeka: Bambo Masauko Chimwaza (wapampando), Mayi Florida Kalonga, Bambo Winston Mbewe, Kefasi Nkhoma (mlembi)
Osapezeka: Mayi Dorica Sakala, anali pamzere wa shuga

1. Wapampando anatsegula ndi pemphero nthawi ya 2 koloko. Analandira mlendo, Tryphena Nkhoma wa kuyunivesite, namutcha "mwana wa bungwe lathu". Zilembedwe kuti ndi mwana wa mlembi, yemwe wapampando ananena kale kuti kumuphunzitsa mtsikanayu n'kuthirira munda wa eni.

2. Tryphena anafotokoza kuti m'thupi muli maenzaimu, alonda ochotsa zoipa zodya maselo monga dzimbiri lidyera lata. Akukayikira kuti maselo a khansa amadzisungira alonda ambiri, n'chifukwa chake amayenda m'magazi osafa mpaka kukamera kwina. Anapempha kuti m'buku la bungwe timupatsemo maina a madoda amene anagwira ntchito m'zigafa za fodya, kuti ofuna akapereke magazi pang'ono kuchipatala. Anati popanda maina kafukufuku wake atsekedwa mwezi uno. Analankhula osayang'ana papepala.

3. Bambo Mbewe anakana. Anati, "Aiwa, mwanangu. Buku lathu timalitsegula munthu akamwalira. Kuwerenga dzina la wamoyo n'kumuitanira bokosi."

Mayi Kalonga anati, "Achimwene, inu mukutsokomola chaka chachitatu. Bokosilo likudziwa kale nambala ya nyumba yanu." Anafunsanso ngati magazi a munthu wodya kamodzi patsiku angaoneke pamakina. Tryphena anati amaoneka, mai. Wapampando anaseka kwambiri kuposa nthabwalayo.

4. Mlembi, atakweza dzanja katatu, anapatsidwa mpata. Anati tanyamula amuna asanu ndi mmodzi a chifuwa chomwechi, ndipo palibe anafunsapo chimene chinawadya, kufikira mwanayu. Anati buku likhale chitsekere, koma aliyense alembe yekha dzina papepala lina.

Chigamulo: Zinavomerezedwa. Mlembi analemba woyamba, wapampando anatsatira ngakhale anafuna mzere wapamwamba. Bambo Mbewe anagwira cholembera nthawi yaitali, kenaka anati, "Singano yake ikhale yaing'ono," nalemba. Pepalalo lizungulira madera a Seke ndi Zengeza sabata ino.

5. Zina ndi zina: panalibe.

Msonkhano wotsatira: 15 Seputembala. Tinatseka nthawi ya 4:10 madzulo.

M. Chimwaza, Wapampando
K. Nkhoma, Mlembi, bambo ake a Tryphena