Chipewa Chofiira pa Nyangani

Okondedwa msuweni wanga Febby,

Muli bwanji ku Chipata konko? Ife kuno ku Mabutweni tili bwino, kungoti kukuzizira.

Amuna anga a Jim anapita kukakwera phiri la Nyangani ndi anzawo akuntchito. Loweruka anafika pansonga penipeni, n'kutsika tsiku lomwelo. Ine ndinatsala kumsika wa Egodini ndi tomato wanga. Akuti miyendo yangayi siyikanakwanitsa.

Chithunzi chimene anajambula pansongapo ndachiona. Miyala ikuluikulu, udzu waufupi, mitambo ili kunsi kwa mapazi awo. Kukongola ndithu. Koma Unity, mtsikana wa ku ofesi kwawo, wavala chipewa chofiira chimene ndinawalukira a Jim ine ndi manja angawa.

Nditafunsa za ulendo, a Jim anati, "Hayi, amake Wayne, mphepo yakumwambako ndi yodula makutu. Wotitsogolera anatilangizanso kuti ukaona chachilendo paphiripo usaloze, usanene kanthu, ungasowe."

Chipewacho sichinabwerere kunyumba.

Ndiye nanenso, msuweni, chachilendo ndachiona. Sindinaloze, sindinanene kanthu. Ndingofunsa: chipinda chanu chakuseri chija chikadali chopanda munthu?

Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine wanu,
Erica