Mafuta a Amayi Alibe Mlandu

Canberra,
19 Julaye

Okondedwa achemwali Vasemaca,

Muli bwanji kwathu ku Kadavu? Nanga mwendo wa alamu unapola? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chanyanya. M'mawa udzu umayera ngati authira mchere.

Ndalemba chifukwa cha nkhani ija ndinawaliza nayo amayi pafoni mwezi watha. Muimve bwino kuti mukawafotokozere.

Kuntchito tili ndi chithanki chachitsulo, kukula kwake ngati basi. Timaikamo diso la setilaiti, n'kupopera kunja mpweya wonse, kuziziritsa makoma, kenako kuyatsa nyale yotentha ngati dzuwa, kuti mkatimo mufanane ndi kumwamba kumene likupita. Disoli lizidzayeza kutentha kwa nyanja, ndi yathu yomwe. Timalionetsa mbale yakuda imene kutentha kwake tikukudziwa kale. Likanama timalikonza lili pansi pompano, poti kumwambako palibe adzalitsatire ndi sipanala.

Ndiye linayamba kunama. Titatsekula, tinapeza galasi lake lachita nkhungu yamafuta. Mopanda mpweya, kanthu kamafuta kamasanduka nthunzi n'kukamata pozizira. Lachlan, mnzanga wa pantchito, anandiyang'ana n'kuti, "Unaisi, iwetu timakumva fungo usanalowe. Wadzoza setilaiti yathu ngati mkwatibwi!" Anthu anaseka, koma ine ayi. Mafuta a kokonati amene amayi amandiphikira ndimadzola Lamlungu lokha popita kutchalitchi, koma fungo la maluwa a mokosoi amene amayi amathiramo mukulidziwa, silimva sopo.

Abwana athu, mayi Hoang, anandipempha kuti ndiyambe ndasiya kulowa m'chipinda cha thanki mpaka afufuze. Kontirakiti yanga ikutha Disembala, ndiye mtima unali m'mwamba. Tsiku lomwelo ndinaimbira amayi n'kuwauza kuti mafuta awo a kokonati andichotsetsa ntchito.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali. Ofufuza anapala nkhunguyo n'kuitumiza kokayeza, ndipo anapeza kuti ndi guluu wa tepi yatsopano imene tinamangira mawaya. Tinasintha tepi, tinatsuka zonse, ndipo diso lija tsopano likunena zoona. Mayi Hoang anandiitana okha, n'kundiuza kuti chaka chamawa andisungabe.

Lachlan anabwera kudzapepesa atanyamula timakeke tija amatigubuduza m'kokonati. Ndinamufunsa ngati sakuopa kuti nditipaka pagalasi. Anangodzigwira kumaso, akuti ndisamukumbutse.

Tsono pempho langa nali. Msuweni Sekove wandiuza kuti chiyambire tsiku lija amayi anasiya kupala kokonati, ndipo mabotolo amene anandisungira anagawira anthu akutchalitchi. Zandiwawa kwambiri. Chonde pitani mukakhale nawo pamphasa, muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono. Muwauze kuti anali mantha chabe amene anandilankhulitsa, ndipo mafuta awo sanalakwe kanthu. Akavomera, aphikeko ena, Sekove anditengere akamabwera kudzathyola malalanje ku Griffith, m'dziko lomwe lino. Khungu langa lauma ngati la nsomba yowamba. Akhale mabotolo awiri, chifukwa Lachlan yemweyo wanong'ona kuti mkazi wake akufunako.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ku Vunisea, kwa azakhali ndi ana onse. Amayi ndidzawaimbira Lamlungu, koma muyambe ndinu, chifukwa mawu anu amawamva msanga.

Ndine mng'ono wanu amene akukusowani,
Unaisi