Gudumu la Ba Kasongo

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Kunatentha kwambiri lero, koma maganizo anga anali kwina.

Pa nkhomaliro tinatsutsana ku wekishopu kwathu kuno ku Ndola. Mulenga, mnzanga amene timawotcherera limodzi zitsulo, ankati popanda nkhondo bwenzi kulibe ndege zothamanga kapena madironi, tindege topanda woyendetsa tija, chifukwa mantha ndiwo amanola nzeru. Ndinangotsala pang'ono kuvomera.

Ba Kasongo, katswiri wathu wa zamagetsi amene anathawa nkhondo ku Congo, anaika kapu pansi. "Kwathu ndinapanga gudumu lozunguzidwa ndi madzi pamtsinje kuti kachipatala kathu kakhale ndi magetsi," anatero. "Anthu amfuti anabwera n'kuzula mawaya onse. Ndinaikanso ena, kunabwera gulu lina. Kenako ndinaleka kupanga zinthu, ndinangophunzira kubisa."

Ndinawafunsa ngati asilikali amphamvu akanaliteteza gudumulo. Anati, "Kapena. Kuno ndimaiwala sipanala panja n'kuipeza m'mawa. Koma sindidziwa ngati imasungidwa ndi mfuti za boma kapena ndi anthu osafuna ndewu."

Zandikhudza chifukwa mwana wanga Tisa akufuna kulowa usilikali kuti akaphunzire uinjiniya, ndipo ndakhala ndikumukaniza. Nditafika kunyumba ku Kanini ndinamufotokozera zonse, poganiza kuti achita mantha. Iye anangoti, "Ndiyetu Atate, pankafunika wina woima pafupi ndi gudumulo."

Mawa ndipita naye kuntchito, akawafunse yekha Ba Kasongo. Koma akakagwirizana awiriwo, kaya ine ndidzati chiyani...