Madzi a bambo a Tereza akumwa ndi tomato

Lachinayi, Okutobala, ku Kitwe.

Kwatentha tsiku lonse, ndipo ndakwiya mpaka mutu kuwawa.

Bambo a Tereza atakomoka pansi pa mgodi sabata yatha, adokotala anawalamula kuti azimwa mabotolo anayi a madzi tsiku lililonse. Akakomokanso ntchito itha, ndipo nyumba ya kampaniyi tituluka. Ndiye m'mawa uliwonse ndimawadzazira mabotolowo, madzulo amabwera nawo opanda kanthu, ine n'kumathokoza Mulungu.

Lero cha m'ma faifi, bana Mulenga, mayi a nyumba yoyandikana nafe, andiitanira kumpanda. Ati mwaulemu wa Chibemba, "Mukwai, amuna anu amakonda tomato! Akaweruka amayamba athirira kaye wa pachipatayo ndi madzi a m'mabotolo, kenako n'kulowa m'nyumba."

Ndawafunsa bambowo, ndipo sanakane n'komwe. Ati, "Amake Tereza, mwamuna samwa madzi pa shifiti, anzanga angandiseke kuti ndafooka. Thobwa lanu la munkoyo lija silikwanira?"

Anzawowo ndiwo adzatipatse nyumba? Munthu milomo yachita kung'ambika, maso alowa m'kati, koma tomato ndiye wanenepa, masamba ali biriwiri. Mawa ndimuzula yense, tione chimene adzathirire.