Chipepeso pa Imfa ya Aphunzitsi Elisha Alufandika, ndi za Ulimba Wawo

Msonkhano wa Aphunzitsi a Sukulu ya Mishoni, Chikwawa
14 Januwale 1919

Kwa Amayi Esinala Alufandika, ana, abale ndi onse amene uthengawu udzawerengedwe pamaso pawo,

Ndikulemba nthawi ya 3 koloko masana, mvula ya m'mawa itangokata, ndipo kutentha kwabwerera ngati sinagwe n'komwe. Dzana opalasa bwato anatifikitsira uthenga wakuti amuna anu, Aphunzitsi Elisha Alufandika, anatisiya Lachisanu lapitali ku sukulu ya kudambo atadwala chimfine chimene chatha anthu m'midzi yathu, ndi kuti anaikidwa tsiku lomwelo. Tinaulandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu, ndipo tili ndi manyazi kuti pamanda pawo panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife woponyapo dothi.

A Elisha anaphunzitsa nyimbo zaka khumi ndi zitatu pa sukulu ino, pamene timakonzera anyamata ntchito ya uphunzitsi wa m'midzi. Masalimo makumi atatu anawaika m'maimbidwe a kuno kwathu, ena m'Chimang'anja, ena m'Chisena, kotero kuti amayi amene sanagwirepo buku amawaimba posinja, ndipo asodzi amawaimba pokoka khoka. Ulimba umene ankaphunzitsira anausema okha, timatabwa take tamlombwa, zipanda zolirira pansi pake. Mphunzitsi aliyense wotuluka pano m'zaka zimenezi amatsogolera nyimbo monga anamuphunzitsira iwo, ngakhale amene sankawakonda.

Kukanakhala kwapafupi kulekezera pomwepa. Koma inu amayi mukudziwa chimene chinawachotsa pano, ndipo chipepeso chobisa zimenezo simungachilandire.

Chaka chatha, nyengo yotola thonje, a Elisha anapeka nyimbo ya mphunzitsi wotuma ophunzira kumunda wake nthawi ya maphunziro. Sanatchule dzina, monga amachitira oimba a kuno akamadzudzula wamkulu, koma sabata isanathe nyimboyo inali itafika padoko, ndipo aliyense ankayang'ana a Gideon Tchale, mnzathu wophunzitsa masamu. Nkhani inabwera ku msonkhano wathu.

"Ndikalowa m'kalasi, anyamata amaing'ung'udza m'mphuno," anatero a Gideon. "Ndiphunzitse bwanji? Munthu timamwera chikho chimodzi, lero akundiimba ngati mbava."

"Achimwene, dzina lanu mwalimva poti?" anayankha a Elisha. "Ngati mundawo ndi wanu, mwadzitchula nokha."

Ena anaseka, ndipo kusekako kunaipitsa zinthu. Ine monga wapampando ndinawapempha kuti asiye nyimboyo ndi kupepesa, kuti pasukulu pakhale mtendere.

"Nkhabe," anakana m'Chisena chawo. "Aphunzitsi aakulu, manja oimba masalimo ndi omwewa. Mukawaletsa kunena za thonje, masalimowo adzayamba kuwaimba monama."

Anayi anafuna kuti ulimba utsekeredwe m'nyumba yosungira katundu ndi kuti mwini wake atumizidwe ku sukulu ya kudambo kufikira mitima itazizira. Anayi anakana. Mawu otsiriza anali anga, ndipo ndinakhala mbali ya oyambawo. Ndinaganiza kuti sukulu imene aphunzitsi ake sapatsana moni siingaime, ndipo maganizo amenewo sindinawasiye mpaka lero. Koma zimene inanena nyimboyo zinali zoona, ndipo ine ndinkadziwa. Amene anatuma ophunzira kumunda tinawachenjeza mseri, amene anaimba tinawachotsa poyera.

Tsopano za pempho lanu. Munatumiza mawu kuti ulimbawo tiubweze, kuti abale awo adzauimbe pa tsiku lometa monga mwa mwambo wa kwanu. Dzulo ndinatsegula nyumbayo pamodzi ndi a Gideon, amene anapempha okha kundiperekeza. Kwa miyezi isanu palibe anakumbukira kuukweza pamwamba. Chiswe chadya miyendo yake ndi zingwe, makoswe aboola zipanda, ndipo chotsala ndi timatabwa tamlombwa tokha, timene chiswe chinalephera. A Gideon anatitola kamodzikamodzi n'kutipukuta ndi malaya awo. Atamaliza anangoti, "Ndikanangokhala chete, nyimbo ikanatha yokha." 

Timatabwato tatimanga m'mphasa, ndipo tatitumiza pamodzi ndi kalata ino. Ngati pakati pa alamu anu pali wodziwa kumanga ulimba, mwina ungalirenso, ngakhale sindikhulupirira kuti ungathe tsiku lometa lisanafike. Kulakwa kumeneku ndi kwathu, ndipo sitikupempha kuti mukuchepetse.

Ndiyeneranso kukudziwitsani kuti m'mawa uno ndinapempha msonkhano kuti ufafanize chigamulo chija, dzina la amuna anu liyere. Atatu anavomera, a Gideon ali mmodzi wa iwo. Anayi anakana, ponena kuti tikatero mphunzitsi aliyense adzayamba kuimba mnzake. Pofafaniza chigamulo lamulo lathu limafuna asanu, motero chigamulocho chikadalipo. Ndinaganiza kuti ndi bwino mumve kwa ine kusiyana ndi kukamva padoko.

Ine ndinaika mkazi wanga zaka zisanu zapitazo, ndipo ndikudziwa kuti mawu a papepala sadzaza nyumba. Komabe m'malo mwa aphunzitsi onse a msonkhano uno, amene anavomera ndi amene anakana, ndi m'malo mwa ophunzira athu akale ndi atsopano, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu, kwa ana ndi kwa mtundu wonse wa Alufandika. Mulungu akupatseni mphamvu zodzuka m'mawa uliwonse, akusungeni ku nthenda imene yazungulira chigwa chino, ndipo alandire mtumiki wake bwino koposa mmene ife tinamusungira.

Opalasa akufuna kunyamuka mtsinje usanadzazenso, choncho ndilekeze. Belu lalira, ndipo chichokereni a Elisha phunziro la nyimbo linagwera ine, munthu wosadziwa kuimba. Anyamata alowa kale m'kalasi. Ndikawawerengera mawu a salimo, maimbidwe ake akumbutsana okha.

Ine wanu m'chisoni,
Jeremiya Sandalamu
Wapampando wa Msonkhano wa Aphunzitsi